Mayi Ndadziwa ndi Mapiritsi a Magazi

Panali telala wina amene makasitomala ake anamupatsa dzina loti Mayi Ndadziwa, chifukwa munthu usanatsirize chiganizo, iwo anali atayankha kale kuti, "Ndadziwa, ndadziwa!" Chaka chimenecho mwana wawo wachitsirizira ankakwatiwa, ndipo mayiwo chimwemwe chinawakwera m'mutu. Ankapalasa makina akuimba, kudula nsalu akugwedeza mapewa. Analumbira kuti paukwatipo adzavina mpaka asewele awo, amayi a mkwati, adzapemphe madzi.

Koma thupi linali ndi zake. Akadya, chilungulira chinkawawotcha mpaka kukhosi. Akakwera masitepe atatu okha, wefuwefu. Kuchipatala dokotala atawayeza anati, "Mayi, kumtunda kwa chifu chanu kwasuzumira m'chifuwa, kudzera pakabowo ka mnofu wolekanitsa mimba ndi chifuwa. Pamenepo pakukhulana, ndiye magazi akudontha pang'onopang'ono. Tiyambe ndi mapiritsi, awa ochepetsa asidi, awa a ayironi owonjezera magazi. Zikakanika pali diripi, palinso opaleshoni. Tsono kamwedwe kake..."

"Ndadziwa, adokotala! Kumeza piritsi n'kofunikanso sukulu?" Anatola chikwama, ulendo, pakuti madiresi asanu ndi imodzi a operekeza mkwatibwi ankawadikira.

Kunena zoona mapiritsiwo sanadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Kungoti pambali pa makina awo sipankachoka fulasiki ya tiyi wamasamba ambiri, wothira mkaka. Piritsi lililonse linkatsika ndi tiyi ameneyo, pamwamba n'kutsirapo mankhwala oyera a chilungulira ogula okha. Amuna awo atati awawerengere kapepala ka m'bokosi, anawabweza.

"Bambo, inu ndi matenda munadziwana liti? Gwirani tepi apa."

Kutatsala sabata imodzi kuti ukwati uchitike, anadziyesa diresi yawo, yonyezimira, lamba wake wothina kuti chiuno chioneke. Anatsegula wailesi n'kuitana mwana wawo. "Taona m'mene ndikawathere asewele!" Anazungulira kamodzi, makasitomala m'manja. Kawiri, nthungululu. Kachitatu shopu yonse inazungulira nawo, ndipo anangoti khu! pamulu wa zidutswa za nsalu, miyendo m'mwamba, nsapato imodzi ili pa makina.

Atathamangira nawo kuchipatala, dokotala uja anayezanso magazi n'kupukusa mutu. "Miyezi iwiri yonseyi sanakwere ngakhale pang'ono. Mapiritsi mumamwa?"

"Tsiku ndi tsiku."

"Mumamwera chiyani?"

"Tiyi. Nanga n'kumwera chiyani?"

Dokotala anavula magalasi, kuseka kukumugwedeza mapewa. "Mayi, tiyi ndi mkaka zimagwira ayironi kuti asalowe m'magazi. Mankhwala oyerawonso chimodzimodzi. Mumwere madzi kapena madzi a malalanje, tiyi adikire maola awiri. Ndi zimene ndinkati ndikuuzeni tsiku lija. Lamba uyunso mumuiwale, akukankhira chifu m'mwamba."

Anawaika diripi ya ayironi tsiku lomwelo. Za opaleshoni yobwezera chifu pamalo pake anati akambirana magazi akapanda kukwera.

"Nanga kuvina, adokotala?" Limeneli linali funso loyamba lofunadi yankho kutuluka m'kamwa mwa Mayi Ndadziwa pazaka makumi awiri, mwakuti amuna awo anatembenuka kuona ngati amene walankhulayo anali munthu wina.

"Magazi sabwerera m'sabata imodzi. Muvine muli pampando."

Tsiku la ukwati holo inadzaza. Mayi Ndadziwa anakhala kutsogolo, diresi yopanda lamba ili khwepekhwepe, m'manja muli tambula ya madzi a malalanje. Asewele aja analowa m'bwalo, navina nyimbo zinayi zotsatizana osapempha madzi, n'kubwera kudzagwedezera chiuno pamaso pawo penipeni. Mayiwo zinawawawa, komabe anaseka mpaka misozi, akuvina ndi mapewa ndi nsidze zokha.

Amuna awo anawanong'oneza, "Mayi, pajatu akuluakulu anati..."

"Ndadz..." Anadzigwira pakamwa. "Anati chiyani, bambo?"

"Safunsa anadya phula."