Tsiku Limene Nasimango Adadzisenza Yekha

Ana inu, aphunzitsi akakuuzani kuti mwambi wa khosi ndi mkanda udachokera kwa makolo akalekale, musawatsutse, angakutumeni kukatchetcha udzu. Koma ine ndikudziwa pamene udabadwira: pa Lizulu, kuseri kwa nyumba ya a Kamtedza, pafupi ndi khola la nkhumba.

Mkazi wa a Kamtedza, Nasimango, adali wogulitsa tomato, ndipo posenza adalibe mnzake. Dengu pamutu, pamwamba pa dengu thumba la mbatata. Ena amalumbira kuti tsiku lina adasenza njinga ya kabaza pamodzi ndi mwini wake, poti idaphulika tayala.

Tsono mwana wawo Elube adapeza mwamuna, chinkhoswe n'kuyandikira. Kubanja kwa Nasimango kudali mkanda woyera umene mayi wa mtsikana ankavala pa tsiku lotero. Atautulutsa kuti auyese, mkanda udakana kukumana kumbuyo. Khosi lidali litanenepa.

"Tingowonjezera ulusi, make Elube," adatero a Kamtedza.

"Kuti akuchimuna aone ulusiwo, azikandinena mpaka ku Dedza? Malemu mayi anga adauvala wopanda chigamba. Inenso ndiuvala choncho."

Kuyambira pamenepo mayi uja mtendere adalibe. Akamagulitsa tomato, dzanja lili pakhosi, kuyeza.

Mng'ono wake Dolofe adafika kuchokera ku Joni kudzathandiza za chinkhoswe. Kumeneko ankagwira ntchito m'nyumba ya dona wina amene m'mawa uliwonse ankachita yoga, masewera aja opinda thupi ndi kukhala chete uku ukupuma pang'onopang'ono.

"Yogayo ndi mchimwene wake wa yogati?" adafunsa a Kamtedza.

"Alamu, inu pitani ku nkhumba zanu," adatero Dolofe. "Achemwali, khalani pamphasa apa, mutsinzine. Mtima ukhazikika."

Nasimango adatsinzina, koma mtima sudakhazikike. M'maso otsinzinawo ankangoona akuchimuna akukodolana ndi kuseka. Akati asiye kupuma kuti maganizo athawe, chizungulire n'kumugwira, thukuta kamukamu. Pajatu kukhala chete ena kumawachiza, koma ena kumawatsegulira nkhawa zonse nthawi imodzi.

Kenaka pafoni ya Dolofe adaona mkazi ataima ndi mutu, miyendo m'mwamba, khosi lowonda ngati bango.

"Ndiye zimenezitu! Iwe umandibisira?"

"Ayi, achemwali, izo musayerekeze. Abwana anga adaziphunzira kwa zaka, mphunzitsi atawagwira miyendo. Ine ndemwe sindiyesa."

"Iwe mwana, mutu uwu umasenza madengu. Ungalephere kusenza mwini wake?"

M'mawa mwake, anthu ali kumaso kusankha mpunga wa chinkhoswe, Nasimango adazembera kuseri. Adapota nkhata monga amachitira posenza, koma m'malo moika pamutu adaiika pansi. Adatsamiritsa mutu pankhatapo, n'kuponya miyendo kukhoma. Adaimadi! Nkhumba zidasiya kudya.

Koma ana inu, dengu likakhala pamutu limakhala phee. Thupi la munthu limagwedezeka. Chitenje chidamugwera kumaso, iye n'kuchotsa dzanja pansi kuti adzifunde. Khosi lidalira, ndipo mayi uja adagwa khu!

Adampeza ali chagada, maso ali tong'o.

"Bambo a Elube," adanong'ona, "manja anga ali kuti? Sindikuwamva."

Elube adayamba kulira. A Kamtedza adagwada, n'kugwira mutu wa mkazi wawo ndi manja awiri. "Khosili lapindika, ndingolikoka liwongoke."

"Alamu, chotsani manja!" adakuwa Dolofe. "Musawagwedeze ngakhale pang'ono! Madzi othowera ayinso. Zulani chitseko!"

Adazula chitseko, namugoneka pamenepo onse pamodzi, Dolofe atagwira mutu kuti usatembenuke, zitenje zopindapinda uku ndi uku. Adamukweza pa lole ya kabichi. Lole ikagunda dzenje, onse ankayang'ana zala za Nasimango, zala zili zii.

Kuchipatala adamulowetsa m'kati, abale n'kutsala pakhonde. Dzuwa lidafika pamutu, lidapendeka, osamva kanthu. A Kamtedza chipewa adachipotokola mpaka chidasanduka chingwe.

Potsiriza adokotala adatuluka. "Fupa la m'khosi lachita mng'alu, koma mtsempha waukulu wapulumuka. Zala zayamba kugwedezeka. Alipo amene adayesa kukoka mutu?"

"Palibe, adokotala," adayankha a Kamtedza, maso ali pansi.

"Mwachita bwino. Akadakoka, mayiwa sakadayendanso."

Tsiku la chinkhoswe Nasimango adakhala kutsogolo atavala m'khosi kolala ya kuchipatala, yoyera mbee, yokhuthala ngati tayala. Akafuna kupereka moni ankatembenuka thupi lonse. Mkanda uja udatsala m'chikwama, poti tsopano ngakhale ulusi wautali bwanji sukadathandiza. Mayi wa mnyamata, amene maso awo adali ofooka, adasendera pafupi n'kuomba m'manja.

"Asewere, koma mkanda wa kwanuwu ndi waukulu bwanji!"

Nasimango adafuna kuwerama ndi manyazi, koma kolala idakana. Misozi idangotsikira pamenepo. A Kamtedza adamugwira dzanja, dzanjalo n'kuwagwiranso, ndipo adati chapansipansi: "Usalire, make Elube, tili ndi atsikana ena kunyumba. Sunga khosi, mkanda woyera udzavala."

Amene adali pafupi adamva, mawuwo n'kufalikira dziko lonse.

Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chabwino chimadikira munthu amene wadzisunga. Ukachithamangira mpaka kuwononga thupi kapena moyo, tsiku lake limafika iwe ulibe pochilandirira. Choncho mukaona wina akuchita zodabwitsa ndi thupi lake, yambani mwafunsa kuti adaphunzira nthawi yaitali bwanji, ndipo adamugwira miyendo ndani. Mikanda amagulitsa pamsika, koma ine ndayenda misika yambiri, benchi la makosi sindidalione.