Maliro Anakana pa Dambo la Chisenjere

Kalekale, koma osati kale la mauta ndi mikondo, kale la dzanadzanali pamene phula linkathera pa boma ngati lachita manyazi kupitirira, kunali msewu wopita kumudzi wa Kambalame. Nkhaniyi ena amaikamba mopotoza chifukwa anaimvera pamowa. Khalani chete muimve kwa woidziwa.

Msewuwo unali wafumbi. Chilimwe mabampu ake ankagwedeza munthu mpaka mano kuwawa, dzinja unkameza matayala. Pamalo ena unkadutsa dambo la Chisenjere, dothi lake makande akuda aja omata ngati ulimbo. Chaka china kunabwera gireda, n'kupala msewu mpaka kuuchotsa msana, moti madzi m'malo motsetserekera m'mbali ankagona pakati ngati m'beseni. Akuluakulu a misewu analonjeza kuti pa dambopo athirapo miyala. Miyala inabweradi, anthu anaiona milumilu. Kenaka milu ija inayamba kuonda, kuonda, mpaka inatha, msewu osalawako ndi mwala umodzi womwe. Aliyense ankaganizira mnzake, koma pakamwa pali tsekee, pakuti mudzi wonse unali pachibale.

Ku Kambalameko kunali mtengwa dzina lake Nazimbiri, wochokera kutsidya la Linthipe, mkazi wa telala wina wotchedwa Lotani. Anali mayi wa sukulu, wofika Fomu 2, woyenda khosi lili njo, wodzoza ana ake mafuta ngakhale tsiku la kumunda. Inu mukudziwa mmene midzi imamuonera mkazi wotero. Akadutsa, kumbuyo kumangomveka, “Amadzimva shuga.”

Mvula ili pakati, Lotani anadwala n'kukamwalirira kuchipatala cha pa boma. Abale anapeza lole, anakweza bokosi, amayi n'kulizungulira akuimba. Nazimbiri anakhala kumutu kwa bokosi, dzanja lili pa chivundikiro.

Dzuwa lili paliwombo anafika pa Chisenjere. Dalaivala anali wa m'tauni. Anaona thamanda, analowa ndi liwiro. Lole inabuula, inagwedera, n'kukhala pansi mpaka m'mimba. Mabulugama a kumudzi anali akuoneka apo. Anthu anathamanga kuchoka pasiwa, adzukulu anasiya manda atakumba kale, onse kudzakankha. Matayala ankangozungulira kuwaza anthu matope kumaso.

Pamenepo Velonika, mlongo wake wa malemu, anasiya nyimbo pakati.

“Musadzithyole misana,” anatero. “Si matope awa. Achimwene akukana.”

Anthu anasiya kukankha, Velonika n'kupitiriza.

“Munthu sakana kwawo popanda chifukwa. Amene wawadya ali pompano, wawatsamira.”

Sanatchule dzina, koma maso a anthu anadziwa kolowera. A Kadzakumanja, atsibweni a malemu, amene ndiwo anali mwini mbumba, anatsokomola. “Tisakangane pamaso pa maliro. Tsikani mmodzimmodzi. Iwe dalaivala, aliyense akatsika uziyesa. Amene atsike lole n'kuyenda, tamudziwa.”

“Gwirizanani naye msanga malemu wanuyo,” anatero dalaivala. “Mafuta akutha.”

 Nazimbiri sukulu sinamupite pachabe: ankadziwa kuti katundu akamachepa galimoto imapepuka, ndipo wotsika pomaliza ndiye adzaoneke mfiti. Anaonanso kuti woitana maina ndi Velonika, ndipo wayambira abale ake. Munthu woyamba anatsika, dalaivala anayesa, lole inangolira. Anatsika wina, inagwedera. Anatsika winanso, matayala anayamba kuluma pang'ono. Nazimbiri ankaona nyumba yake ya malata ikumuchoka m'manja, munda wake ukugawidwa, ana ake akuitanidwa kumjigo kuti ana a mfiti. Posakhalitsa anatsala yekha ndi bokosi.

“Alamu, tsikani,” anatero Velonika ndi mawu ofewa ngati akuitanira tiyi.

“Sinditsika, alamu. Ndawasambitsa ndekha kuchipatala inu osabwera ndi phala lomwe. Lero ndiwasiye okha pamatope?”

“Mwamva? Akuopa,” anatero Velonika.

“Atsitseni!” anakuwa wina kumbuyo. Amuna awiri anagwira chitseko cha lole.

Woyamba kulowerera anali Thengoliweta, mwini dimba la kumunsi kwa msewu. Anatulukira khasu lili paphewa. “Amayiwo asatsike kaye. Tione madziwa.” Analowa m'tsekera m'mbali mwa msewu, osafunafuna, n'kutema pamalo amodzi. Panali pakamwa pa ngalande. Madzi anakhamukira m'dimba mwake, anagwetsa chimanga chongomasula kumene, anakokolola nyemba, ndime yonse n'kusanduka mtsinje. Mkazi wake anagwira m'mutu. Iye anangoima, khasu lili pansi, kuonerera chakudya cha ana ake chikupita. Thamanda linaphwa. Koma Nazimbiri, pokhala pamwamba, anaona chimene khasu linang'amba: matumba a dothi oyalidwa bwinobwino ngati njerwa, mapesi atatsekera m'mipata. Madzi sayala matumba.

Wachiwiri anali kapitawo Lingisoni, amene ankayang'anira ogwira ntchito ya msewu chaka cha gireda chija. Madzi anali atachoka koma makande anali akadagwira. Lingisoni anavula jekete, anatenga adzukulu n'kuthamanga nawo kumudzi. Anabwerera ndi mawilibala odzaza miyala. “Ndagumula khonde langa,” anatero mokweza kuti onse amve. “Lotani anandisokera suti ya ukwati, sangagone pa dambo ine ndili moyo.” Munthu wamkulu, wamimba yake, anagona chafufumimba m'matope kulowa kunsi kwa lole, kulonga miyala kutsogolo kwa matayala. Mwala wina unamuphwanya chala, magazi chuchuchu, koma sanatuluke mpaka atamaliza. Nazimbiri anasuzumira. Inali miyala ya kwale, yotuwira, yoswedwa ndi makina, ina simenti ikadali m'mbali. Ku Kambalame kulibe mwala wotero. Ngakhale mafuwa omwe, amayi amachita kuumba.

Wachitatu anali Sikelo wa ng'ombe. Dalaivala atayesa, lole inakwera miyala pang'ono n'kubwerera m'mbuyo. Velonika anaomba m'manja: “Ndimanena ine!” Pomwepo kuseri kwa chulu kunamveka mluzu, Sikelo n'kutulukira ndi ng'ombe zake ziwiri, Bantomu ndi Jamani, unyolo ukukwekwereka. Munthu ameneyu ankadziwika kuti sakola unyolo pa galimoto asanaone nkhuku kapena thumba. Tsiku limenelo sanatambasule dzanja. Anakola, anakuwa, “Bantomu! Jamani! Tiyeni nazo!” Ng'ombe zinakoka mpaka Jamani anagwada n'kuthyoka nyanga. Sikelo analowetsa phewa lake pa goli, n'kukoka limodzi ndi ng'ombe. Lole inatuluka, Nazimbiri ali pomwepo kumutu kwa bokosi. Koma maso ake anali ataona kale zinthu ziwiri. Ng'ombe zija zinali pagoli kuseri kwa chulu kuyambira pamene lole inatitimira, tsiku la maliro, limene munthu sakola ng'ombe. Ndipo madzi ataphwa, pansi pa thamanda panaoneka mizere ya pulawo yodula msewu chopingasa. Ndani amalima pamsewu?

Lotani anaikidwa dzuwa lisanalowe. Nazimbiri anaganiza kuti zatha.

M'mawa mwake, pa mwambo wa kumeta, abale atakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna uku amayi uku, Velonika anapempha mawu.

“Atsibweni, ine mtima sunakhale pansi. Lole yachoka ndi mphamvu ya ng'ombe, osati kuti achimwene analola. Ng'ombe zimakoka ndi wokana yemwe. Ndipo alamuwa sanatsike.”

Anthu anang'ung'udza movomereza. A Kadzakumanja anatembenukira kwa Nazimbiri.

“Mayi, mwamva. Munakana kutsika, ndiye mayeso sanathe. Inu mukuti si inu.”

“Si ine, bambo. Ndi msewu.”

“Msewu sudzikumba wokha. Mlandu sugwera mtengo. Munali pamwamba, ife tinali pansi. Munaona zimene sitinaone. Ngati pali munthu anatchera mwana wathu pa dambo, mutchuleni. Wotsekereza maliro njira, mudzi uno umamudziwa chochita: tsiku limene kwawo kudzagwe zovuta, adzukulu sadzagwira khasu, adzakumba yekha. Mukapanda kutchula, nkhani ibwerera pa inu, ndipo mwezi uno usanathe mudzaoloka Linthipe.”

“Nanga gireda ija inachotsa msana wa msewu? Nanga boma?”

“Boma silinakhale pa mphasa pano, mayi.”

Ena anaseka. Nazimbiri anafunsanso. “Nanga akakhala atatu?”

A Kadzakumanja anapukusa mutu. “Mtengwa kuloza mabanja atatu m'mudzi wa eni? Ndiye kuti tonse ndife oipa, wolungama ndinu nokha ndi Fomu 2 yanuyo? Amene angakuvomerezeni ndani? Mmodzi, mayi.”

Atatu aja anali pomwepo kumbali ya amuna, ndipo palibe anakweza maso.

Nazimbiri anayang'ana Thengoliweta. Akanapanda kutseka ngalande, pamsewu sipakanagona madzi. Komatu gireda inalozetsa madzi a msewu wonse m'dimba mwake popanda womufunsa, ndipo dzulo anatsegula yekha, podziwa kuti ana ake chaka chino adya gaga wopempha. Ndiyenso anayamba kunena kuti amayiwo asatsike. Koma kodi unali chisoni? Kapena anaona kuti anthu akapitiriza kupondaponda m'tsekeramo apeza matumba aja, n'kuti bola awang'ambe yekha akuoneka ngwazi?

Anayang'ana Lingisoni, chala chili chomanga nsanza. Miyala ija ikanathiridwa pamene inayenera, makande sakanagwira tayala, madzi agone asagone. Iyeyu ndiye anapatsidwa msewu m'manja, n'kuudya. Komatu khonde limene ankanyadira, lokhalapo alendo Lamulungu, lero linali bwinja, nkhuku zikupalasa. Koma bwanji anakuwa kuti onse amve? Nazimbiri anaganiza kuti mwina munthu wochenjera amabweza chakuba pa tsiku limene palibe angamufunse kumene anachitenga.

Anayang'ana Sikelo. Uyu ndiye anachita dala: anzake anafuna kupulumutsa munda ndi kukongoletsa nyumba, iye analima msewu kuti anthu azititimira, azidya nawo. Anabisala kuseri kwa chulu nthawi yonse ija amayi akutsika mmodzimmodzi, akumva zonse. Komatu mizere yakeyo pa msewu wamiyala, wouma, ikanangogwedeza galimoto basi. Ndipo madzi atachoka, miyala italongedwa, lole inabwererabe m'mbuyo, manja a amuna ali kale pa chitseko. Popanda phewa la Sikelo pa goli, Nazimbiri akanatsitsidwa. Kodi anachita manyazi ataona kuti msampha wake wakola maliro a kwawo? Kapena ankadikira anzake athe ntchito kuti ulemu womaliza ukhale wake?

Atatu onsewo anakumba dzenje limene iye anagweramo, atatu omwewonso ndiwo anamuvuula. Tsopano kuti atsuke dzina lake ndi la ana ake, anayenera kukankhiramo mmodzi. Mwana wake wamkazi anali atamutsamira, mutu wongometedwa kumene. Velonika anali akumwetulira m'chitenje.

“Tikudikira, mayi,” anatero a Kadzakumanja.

Ine ndakufikitsani pa mphasapo, ndipo sindikuoloketsani. Inu amene mumati mumadziwa kuweruza, yankhani: Nazimbiri atchule ndani, Thengoliweta wa ngalande, Lingisoni wa miyala, kapena Sikelo wa pulawo? Kapena atseke pakamwa chifukwa cha anthu amene anamupulumutsa, asenze ufiti umene sanachite, aoloke Linthipe ndi ana ake?