Fulashi ya M'thumba mwa Mmisiri

Panali mayi wina ku Mponela, dzina lake Nachisale, wogulitsa kaunjika. Anali wokayikira moti ngakhale dzira loti nkhuku yake yaikira iye akuona ankayamba waligwedeza pakhutu. Ndinkamudziwa. Kuchokera ku Dowa mpaka ku Kasungu palibe amene sindimudziwa ine.

Mayiyu anali mlembi wa kwaya. Anzake anamuuza kuti nyimbo za ukwati wa Loweruka zikhale zotayipa, zikapanda kutero ulembi aupereka kwa wina. Laputopu anali nayo, yakale, yolemera ngati thumba la simenti, koma inalibe sisitemu, chija chimadzutsa kompyuta kuti igwire ntchito.

Anapita nayo kwa mmisiri wa makompyuta. Mmisiriyo anatola patebulo fulashi, kachipangizo kosungiramo zapakompyuta, momwe munali sisitemu.

"Ndikuikirani iyi, mayi. Ndi ya ongoyamba kumene. Zonse n'zazithunzi, mumangodina."

Nachisale anaona fulashi ina ikusuzumira m'thumba la malaya a mmisiriyo.

"Nanga iyo, achimwene?"

"Iyi ndi yanga. Ilibe podina, chilichonse mumachita kuilembera. Idzakulizani."

Mayi anamwetulira. Zaka makumi awiri pa kaunjika zinamuphunzitsa kuti bulauzi yabwino imabisidwa pansi pa benchi, ndipo chomwe wogulitsa akutama ndi chomwe akufuna chichoke.

"Nanenso ndimagulitsa, bambo. Zapamwamba pa mulu ndimazidziwa. Ikani yam'thumbayo."

Mmisiri anakana kasanu ndi kawiri. Kenako anaika.

Kunyumba laputopu inayaka, koma pagalasi panali bii, kamzere koyera kakuphethira pakona. Mayi anadina, laputopu osayankha. Analemba kuti "nyimbo". Inamuyankha ndi Chingelezi chotalika kuchoka pano kukafika ku Karonga. Anatha masiku atatu akuyang'anizana nayo, koma kwa mmisiri sanabwerere. Ankati mwamuna uja waitchera dala kuti amukakamize kutenga yapatebulo ija.

Loweruka kwaya inaimba zapamtima, aliyense ndime yake, mpaka mkwatibwi anatembenuka kuona ngati kumbuyo kwabuka ndewu. Lamlungu ulembi unapita kwa wina.

Tsono inu ongoyamba kumene, musamafunse kuti, "Akatswiri amagwiritsa ntchito sisitemu iti?" Funsani kuti, "Ndikakaiyatsa ndekha kunyumba, ndikadziwa podina?" Tengani yosavutayo, muyambe mwatayipa nyimbo zanu. Yam'thumbayo mudzaipeza, sithawa.