Mapilitsi a m'chikwama cha Nelly

Pasukulu ina ya mishoni kumtunda kwa Chiweta panali mphunzitsi wa bayoloje dzina lake Isabella Msiska, mayi wa ana awiri, wakhama pantchito koma wosafuna kuuzidwa. Mwezi uliwonse msambo unkamuzunza. Magazi ankatuluka ochuluka, ena oundana ngati tizidutswa ta chiwindi, mpaka ankaphunzitsa atatsamira desiki.

Tsiku lina Nelly, mlembi wa pasukulupo, anatulutsa m'chikwama mapilitsi olerera. "Ine anandichepetsera magazi chomene. Koma mukaonane kaye ndi anamwino, amayamba afunsa mafunso."

"Ndikafunsidwe ndi ana amene ndinawaphunzitsa ndekha?" anaseka Isabella, nalandira mapilitsiwo.

Miyezi itatu inadutsa bwino, msambo unafatsa ngati mtsinje wa m'chilimwe. Kenaka inafika nyengo yochonga mayeso, ndipo Isabella ankakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Katumba wa mwendo wakumanzere anayamba kuwawa, kutentha ndi kutupa. Iye anangothowa ndi madzi ofunda. Tsiku lachinayi nsapato inakana kulowa, ndipo mwamuna wake Amock anamunyamulira kuchipatala osamvanso zokana zake.

Dokotala, mayi wachikulire wolankhula modekha, anayendetsa kachipangizo kounikira pamwendopo n'kutembenuzira kanema kwa Isabella. Mtsempha umodzi unali utatsekeka ndi magazi oundana. Atafunsidwa za mankhwala amene ankamwa, Isabella anaulula za mapilitsi a Nelly aja.

"Mama, alipo kwanu amene anatupapo mwendo chonchi?"

Isabella anayankha: "Amayi anga, atangobereka mwana womaliza. Patapita sabata anabanika n'kugwa pakhonde. Anthu ankati anaponda mankhwala panjira."

"Sanaponde kanthu. Chibuluma cha magazi chinachoka m'mwendo n'kukatseka m'mapapo. Limeneli ndi limodzi mwa mafunso amene timafunsa tisanapereke mapilitsi amenewa."



Dokotala anapitiriza kuti m'magazi muli antchito awiri: wina amamanga kuti bala lisiye kukha, wina amagumula zomangidwazo ntchito ikatha. Pa nthawi ya msambo chiberekero chimatulutsa wogumulayo, n'chifukwa chake magaziwo amayenda osaundana. Akachuluka kwambiri, wogumula amalephera kumaliza, ndiye pamaoneka tizidutswa. Mapilitsi ngati amene iye ankamwa, okhala ndi mankhwala otchedwa esitirojeni, amawonjezera mphamvu kwa onse awiri, koma womanga amaposa pang'ono.

"Kwa amayi ambiri palibe vuto, ndipo amawathandizadi. Koma kumtundu kwanu womanga ndi wachangu kale. Zilipo njira zina zolerera zokuyenerani."

"Ndiye mundipatsa mankhwala osungunula?"

"Ayi. Athuwa angoletsa kuti chibulumachi chisakule. Kusungunula lidzachita thupi lanu lokha."

Isabella anagona m'chipatala masiku asanu ndi limodzi, akubayidwa jakisoni pamimba. Atatuluka anamwa mankhwala osadumphitsa tsiku, ndipo ankayenda pang'onopang'ono m'mawa uliwonse. Nthawi zina ankaima n'kugwira katumba uja, akuganiza za ntchito yosaoneka imene inkachitika m'katimo, iye osailamula, osaimva n'komwe.

Patatha miyezi itatu anabwerera kuchipatala. Pakanema paja, pamene panali mdima wotseka njira, magazi ankadutsa tsopano, makinawo akulira ngati mphepo ya ku Nyika ikawomba m'maudzu. Amock anavula chipewa ngati walowa m'tchalitchi. Isabella anayang'anitsitsa osaphethira, misozi ikutsika.

"Chapita kuti?" anafunsa monong'ona.

"Magazi anu omwe achidya pang'onopang'ono."

"Yewo chomene, adokotala. Ndili ndi ang'ono anga awiri ku Bolero. Loweruka ndibwera nawo, muwafunse zonse."

Potuluka anadzera pakhonde pamene amayi ankadikira zakulera, ndipo anapatsa moni namwino wachitsikana amene kale anali mwana wa m'kalasi mwake, atapinda mawondo. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.