Milamba ya a Lapukeni

Mwambi uliwonse uli ndi kwawo, kungoti ambiri timangoutchula osafunsa kuti unabadwira pakhomo pa yani. Umene ndikufotokozereni pano unabadwira ku chigwa cha Shire, kumene dzuwa la chilimwe silidziwa nthabwala. Inu a kumapiri mumati kwatentha mukangovula juzi. Kuchigwa, nsomba yovuulidwa mmawa ikafika masana isanaone moto kapena mchere, imayamba kuitana ntchentche.

Kumeneko kunali bambo wina wachikulire dzina lake Lapukeni, mkamwini amene anakhala zaka makumi anayi m'mudzi wa akazi awo, a Nankhoma. Anali munthu wa mawu ochepa koma wa manja akhama. Ntchito yawo inali kutchera miono kudambo, ndipo mmawa uliwonse ankabwera ndi milamba yotunga paluzi n'kuiponya pakhomo la khitchini. Akatero, yawo yatha. Chimene chinkachitika nsombazo zikalowa m'manja mwa a Nankhoma sankachidziwa, ndipo sanafunsepo. Amuna ena ndi otero, amadziwa njira ya kudambo ndi njira ya kumphasa yodyera, koma ya pakatipo ayi.

Chaka china, kuzizira kukutha, a Nankhoma anadwala masiku owerengeka n'kutsikira kulichete. Mwana wawo mmodzi yekhayo anabwera kudzalira amake, kenaka n'kubwerera kuchikamwini kwake kutsidya la mtsinje. Kwawo kwa a Lapukeni kunali kutatsala manda okhaokha, choncho anangokhala pompo, m'mudzi wa eni, m'nyumba imene tsopano inkamveka ngati yakula.

Masiku oyamba anansi sanawataye. Mai wina woyandikana nawo, a Nachisale, amene anali mnzawo wa ponda apa m'pondepo wa malemu, ankawabweretsera kambale ka ndiwo. Enanso ankatero. Tsono m'mudzimo munali mwambo umene mkazi aliyense ankaudziwa popanda womuuza: mbale ikabwera kwanu ndi kanthu, sibwerera yopanda kanthu. Ungaikemo kambatata kamodzi, kansomba, ngakhale bwemba, bola isapite ikulira. Kubweza mbale yopanda kanthu kunali ngati kunena kuti, "Zikomo, koma musadzabwerenso."

A Lapukeni zimenezi sankazidziwa. Chimene ankaopa iwo n'kuoneka ngati mkamwini wopemphetsa. Choncho akadya, ankaikwecha mbaleyo ndi mchenga mpaka mbee, n'kukaisiya pakhonde pa mwiniwake mwakachetechete, poganiza kuti achita ulemu waukulu.

A Nachisale anaipeza mbale yawo ili gwaa kamodzi, kawiri, kachitatu. Mtima unawapweteka. "Kaya tinawalakwira chiyani alamu aja," anauza amai anzawo kuchitsime. "Mwina ndiwo zathu sizikuwakomera. Tiwasiye, munthu wolira sakakamizidwa." Mbale zinasiya kubwera, ndipo mapazi amene ankabwera ndi mbalezo anasiyanso. A Lapukeni nawo anati mumtima, "Ndinadziwa. Amene ankandichititsa kukhala munthu pamudzi pano wapita." Aliyense anakhala kwake akuganiza kuti mnzake ndiye wamukana.

Kudambo sanasiye kupita, poti ndi kokhako kumene tsiku linkafupika. Miono nayo sinkadziwa kuti pakhomo pagwa maliro, inkangodzaza monga kale. Apa ndiye panayambira vuto. Milamba imene kale inkatha tsiku lomwelo, tsopano inkatsala mulu. A Lapukeni ankaiyang'ana modabwa n'kumadzifunsa kuti, "Kodi anthu awiri tinkamaliza bwanji zonsezi?"

Anayesa kuwamba monga ankaonera patali. Kunja kunkauma, m'kati muli muwisi, ndipo pakapita masiku awiri mphutsi zinkatulukira m'mutu. Anayesa kuphika yonse mumphika waukulu. Yophika mmawa, pofika madzulo msuzi unali utachita thovu, wasasa. Matumbo a nsomba, amene malemu ankakwirira patsinde pa nthochi n'kuthirapo phulusa, iwo ankangowaunjika m'phale kuseri kwa chitseko.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sankakataya kudzala. Dzala linali poyera, m'mbali mwa njira ya kuchitsime. Kutaya ndiwo anthu akuona, pamudzi pamene ena ankagonera therere, chinali chinthu chochititsa manyazi. Ankaopa kuti anthu ati, "Taonani mkamwini womana uja, akudyetsa agalu." Ndiye anatenga mbiya za malemu, n'kumathiramo zotsalazo, n'kuvundikira ndi lichero, ati adzakataya kuthengo tsiku lina. Mbiya yoyamba inadzaza, yachiwiri, yachitatu. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Unafika mwezi umene lero timautcha Okutobala, pamene nyenje zimalira tsiku lonse ndipo mchenga umawotcha mapazi. Fungo linayamba kutuluka m'khitchini n'kulowa m'nyumba, m'mphasa, m'zovala. A Lapukeni anazisamutsira mbiyazo m'nyumba yogona n'kumatseka chitseko kuti mphepo isanyamule fungolo. Ankadya okha, ntchentche zobiriwira zikuwazungulira. Munthu akamadutsa panjira, iwo ankayang'ana kumbali, kuopa kuti akapereka moni munthuyo ayandikira n'kumva. Zinali zomvetsa chisoni, ana inu. Munthu ankalakalaka woti amuodire, koma yemweyo n'kumapemphera kuti pasabwere aliyense.

Tsiku lina anabwera kudambo mutu ukuwawa, thupi likunjenjemera. Anali malungo. Analowa m'nyumba, n'kupiringidza chitseko, n'kugona. Tsiku linapita, lachiwiri linapita. Madzi a mumtsuko anatha. Palibe anabwera, poti anthu anali atazolowera kuona chitseko chimenecho chili chotseka.

Pa tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, a Nachisale ankachokera kuchitsime. Mphepo inatembenuka n'kuwamenya ndi fungo pamphuno. Anaima. Atayang'ana, anaona chitseko cha a Lapukeni chada bii ndi ntchentche. Kuchigwa munthu wamkulu aliyense amadziwa tanthauzo la fungo lotere pakhomo pa nkhalamba yokhala yokha. Mtsuko unagwa pamutu n'kusweka.

"Mayo ine! Alamu atisiya! Atisiya ife tili pompano!"

Anthu anathamangira konko. Amai anakhala pansi pabwalo n'kuyamba kubuma, amuna akuthyola masamba oti atseke mphuno. M'katimo a Lapukeni anali maso, koma lilime linali litauma moti mawu sankatuluka. Anagona chomwecho akumva maliro awo omwe. Anamva a Nachisale akulira kuti, "Ndidzakawauza chiyani a Nankhoma? Anandisiyira munthu, ine ndamusiya awole ngati galu!" Anamva bambo wina, a Fombe, akuti, "Munthu uyu sanayambanepo ndi aliyense pamudzi pano. Tachimwa ndife." Pa miyezi itatu yonse, aka kanali koyamba kumva dzina lawo likutchulidwa pakhomo pawo.

A Fombe anaponda chitseko, mpiringidzo n'kuthyoka. Ntchentche zinatuluka ngati njuchi. Amuna atalowa, anapeza wakufayo atatsamira chipupa, akuphethira.

"Madzi," anatero a Lapukeni.

Ena anathawa mpaka kugwa m'mizere ya mbatata. Koma a Nachisale analowa, n'kuwamwetsa madzi pang'onopang'ono, amuna n'kuwanyamulira pamthunzi wa mtengo wa bwemba. Kenaka mayiyo anabwerera m'nyumba kukafuna chimene chinkanunkha. Anatulutsa mbiya zitatu zija n'kuzindandalika pabwalo, anthu onse akuona. Atavundukula lichero loyamba, amai anabwerera m'mbuyo atagwira pamphuno. A Lapukeni anaweramitsa mutu. Akanakonda akanafa ndithu.

"Alamu," anatero a Nachisale, "n'chiyani chimenechi?"

"Milamba," anayankha motsitsa mawu. "Imangotsala. Kale tinkamaliza, koma tsopano sindidziwa kuti ikuchulukiranji."

"Munkamaliza? Inu ndi a Nankhoma, anthu awiri, milamba khumi pa tsiku?"

"Nanga inkapita kuti?"

Mkwiyo umene a Nachisale anali nawo unasanduka chisoni. "Iwiri inkabwera kwathu. Umodzi unkapita kwa a Fombe awa, ina m'makomo ena. Mitu inkapita kwa agogo osaona aja a kumapeto kwa mudzi. Zaka zonsezi mudzi uno wakhala ukudya za m'miono yanu, inu osadziwa?"

"Sanandiuzepo."

"Nanga mbale zathu munkabwezeranji zopanda kanthu? Ife tinkati mwatikana."

"Ndinkati ndikazitsuka bwino ndiye ulemu," anatero a Lapukeni. "Ndinkaopa kukulemetsani. Ine pano ndine wobwera."

"Wobwera wa zaka makumi anayi!" anatero a Nachisale akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Tamverani alamu. Kuno kotentha kuno kulibe mbiya yosunga ndiwo. Mnzanga uja ankadziwa poika. Ankaika kwa ine, ankaika kwa a Fombe, ndipo tsiku limene miono yanu yagona ndi njala, ankadzatenga. Inu mwaika mumbiya, taonani chimene mbiya yakubwezerani. Kupatsa n'kuika, alamu."

Tsiku lomwelo amuna anakumba dzenje lakuya kuseri kwa nthochi, n'kukhuthuliramo zonse, n'kuthira phulusa lambiri asanakwirire. Amai anatsuka mbiya ndi mchenga ndi phulusa, n'kuziyanika padzuwa, m'nyumba n'kufukizamo utsi wa masamba. Fungo linatenga masiku kuti lithe.

A Lapukeni atachira anapitanso kudambo. Pobwera anasankha milamba iwiri yonona, n'kuiika m'mbale, n'kuyenda nayo okha kudutsa pabwalo masanasana, ulendo wa kwa a Nachisale. Mwamuna wa imvi kunyamula mbale chinali chachilendo, ndipo atsikana a pamtondo anaseka mobisa. Iwo sanacheuke.

Madzulo ake mbale ija inabwerera muli nkhwani wotendera. A Lapukeni atalawa kamodzi, dzanja linaima m'malere. Unali nkhwani womwe uja, wa tsabola pang'ono ndi nsinjiro zokazinga, umene anaudya zaka makumi anayi akuyamikira akazi awo, umene ankati unapita nawo kumanda. Anapita kukafunsa.

"A Nachisale, kaphikidwe aka anakuphunzitsani ndi malemu?"

A Nachisale anaseka mpaka misozi. "Mnzanga uja nkhwani sankautha, alamu. Unkachokera kuno. Inu munkayamikira iye, iye n'kumabwera kudzandiuza."

Nkhalambayo inabwerera kwake, n'kukhala pakhonde, n'kumaliza nkhwaniwo ikulira.

Mawu a mayi aja anayenda m'midzi ya kuchigwa mpaka anakwera mapiri, ndipo lero tonse timati, "Kupatsa n'kuika." Tanthauzo lake ndi lakuti chimene wapatsa mnzako sunataye, wasungitsa. Chimene waumira, makamaka chakudya m'nyengo yotentha, chimakuwolera m'manja, ndipo fungo lake limathamangitsa anthu amene ukanawafuna pa tsiku la tsoka. Koma chimene chapita kwa mnansi chimadzabwera nthawi yake, mwina ngati ndiwo, mwina ngati munthu wodzakumwetsa madzi utagona. Choncho mukaona kuti mumphika mwatsala zoti simumaliza, musadikire kuti zisase. Fufuzani mbale, muone khomo limene simunapiteko masiku ambiri.