Anakonza Osatseka

Panali munthu wina amene ankasamalira tsamba la pa intaneti la chipatala china. Pa tsambalo ndi pomwe anthu ankalembetsa kuti aonane ndi dokotala wa maso, yemwe ankabwera kamodzi pachaka kudzachotsa ng'ala. Mkuluyu ntchito ankaidziwa, osanama. Chomwe chinamuwononga ndi matama. Paliponse ankangoti, "Tsamba langa chiyambire silinatsekepo."

Tsiku lina panafunika kukonza mkati mwa tsambalo, mosungira mayina a olembetsa. Mnzake wa mu ofesi anamuuza kuti, "Achimwene, tsekani kaye. Ikani uthenga woti tikukonza, anthu ayesenso mawa."

Iye anaseka. "Kuti aziti zandivuta? Ndimaliza asanadziwe n'komwe."

Ndiye anamasula zonse za mkati, kunja n'kusiya chitsegulire. Aliyense amene analembetsa tsiku limenelo, tsamba linkamuyankha mwaulemu kuti, "Talandira, zikomo," chonsecho dzina lake silinasungidwe paliponse. Zoterezi ine zimandiwawa kwabasi. Ngakhale woyendetsa lole, ikamufera pamsewu, amathyola nthambi n'kuyala kuti obwera m'mbuyo asawombe. Koma uyu kulemba mzere umodzi wochenjeza anthu anakuona ngati kunyozeka.

Dokotala uja atabwera, mkuluyu anaitanidwa kuti pachipata pavuta. Anapeza mayi wina, dzina lake Nasimango, atagwira ndodo kutsogolo, bambo ake okalamba atagwira ndodo yomweyo kumbuyo. Ng'ala zinali zitaphimba maso onse awiri a bambowo. Anali atachokera kutali, kuseri kwa mapiri. Malo onse anali atadzaza, ndipo dzina lawo mu kompyuta munalibe.

Mayiyo anamulozetsa foni kumaso. "Tawerengani apa! Simunalembe nokha kuti mwalandira? Mukanangonena kuti mwatseka, bwenzi nditayesanso mawa lake, malo akadalipo. Mwatinamiziranji? Ndiye bambo angawa akhalenso mumdima chaka china chathunthu?"

Mkulu uja anayamba kufotokoza za makina, mawu akumuthawa. Gogoyo atamva liwu lachilendo, anatembenukira komwe linkachokera, n'kuvula chipewa.

"Mwanawe, usakalipe," anatero gogoyo pouza mwana wake. "Kodi amenewa ndiye adokotala aja? Auze kuti ndakonzeka."



Inu amene mukundimvetsera, kaya mumasunga tsamba, kaya ofesi, kaya udindo wina uliwonse umene anthu amaudalira, mverani. Zikamasuka mkati, moti simungathe kusunga chimene munthu akukupatsani, nenani poyera kuti mwatseka kaye. Akadandaula, adandaule, mawa abweranso, ndipo mudzamuthandiza. Koma musamamwetulire anthu pakhomo pamene m'nyumba mwaphwasula. Manyazi a tsiku limodzi amene mukuwathawawo, wina adzawalipira ndi maso ake.