Chitofu cha Mayi Wamasiye

Kuphiri kwina kumene chisanu cha mu Juni chimasweretsa milomo, kunali mayi wina wamasiye. Mwamuna wake atangoikidwa m'manda, abale a malemuyo anabwera ndi ngolo. Anatenga bedi, mipando, wailesi, mpaka zofunda za ana. Anangosiya chitofu chakale chachitsulo chimene chinali kuseri kwa khola, chofiira ndi dzimbiri, nkhuku zikuikiramo mazira.

Mlamu wake wamkulu anachimenya theche nati, "Ichi chokha sungani, alamu. Mwafanana: nonse munatha ntchito."

Anthu anamuuza mayiyo kuti anyamule ana abwerere kwawo chisanu chisanawaphe. Iye anakana. Anachikokera chitofucho pabwalo, nayamba kuchipala ndi mchenga ndi chibenthu cha njerwa. Anapala sabata yathunthu mpaka zala zinatuluka magazi. Ming'alu anaimata ndi dothi la pachulu losakaniza ndi phulusa. Wokhoma zidebe wa kumsika anamupindira chumuni, ndipo mayiyo anachilowetsa chitofucho m'nyumba.

Tsiku loyamba kuyatsa, utsi unadzaza nyumba. Ana anathawira panja akutsokomola, ndipo amayi opita kumjigo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mayiyo anapukuta misozi ya utsi, nalowetsa dzanja m'chitofumo mpaka m'phewa. Anatulutsa mwaye wa zaka zambiri ndi chisa cha makoswe. Anayatsanso. Moto unalilima, utsi unakwera kumwamba, nyumba inafunda.

Chisanu chitafika pachimake, mlamu uja anatulukiranso ndi ngolo yake, akunjenjemera.

"Alamu, chitofu chija n'cha achimwene. Ndabwera kudzatenga."

Mayiyo anaima pakhomo, manja m'chiuno. "Dzimbiri lanu ndinalisesera kudzala, alamu. Katoleni konko. Muno mungalowe kudzaotha, koma chitofu sichituluka."

Bamboyo anatembenuza ng'ombe zake.

Abale anga mwa Ambuye, alipo muno m'tchalitchi amene anawerengedwa kale kuti anatha. Mowa unakusiyani kuseri kwa khola, kapena ndende, kapena matenda. Ambuye sanachite nanu manyazi. Anakupalani, ndipo zinawawa. Tsiku loyamba munafuka utsi, anthu nakusekani, koma Iye sanachotse dzanja lake. Tsono tamverani: mdyerekezi salimbana ndi chitsulo chozizira. Amabwera moto ukayaka, n'kumati, "Uyu ndi wanga." Musakambirane naye. Imani pakhomo, mumuuze kuti mwini wanu ndi Iye amene anakhetsa magazi pokukonzani.